Tsiku Limene a Buleki Anamasula Galu

Dzina loti a Buleki anapatsidwa ndi anthu amene ankawaphunzitsa kuyendetsa galimoto. Moyo wawo wonse wa ntchito anauthera pampando wa pambali pa dalaivala, ndipo mawu amene ankatuluka kawirikawiri pakamwa pawo anali omwewo: "Buleki! Buleki!" Anali munthu wa malamulo. Wophunzira akaiwala kuyang'ana pagalasi ankamuimitsa pambali pa msewu n'kumulalikira mpaka injini kuzizira. Atapuma pa ntchito dzinalo linawakakamirabe, ndipo iwo sankadana nalo.

Akazi awo atamwalira, mwana wawo wamkazi anawaitana kuti akakhale naye kwa kanthawi. Mwanayo anali namwino pachipatala cha m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja yamchere. M'nyumba mwake munali zipinda ziwiri, khitchini yopanikiza, ndi galu. Galuyo dzina lake anali Phulusa, wotuwa, wamiyendo italiitali, thupi la galu wamkulu koma nzeru za kamwana.

"Bambo, mukatopa kukhala m'nyumba mupite naye koyenda Phulusayu," anatero namwino m'mawa wina akumanga nsapato pakhomo. "Mutsike ndi msewu wa pagolosale. Mukafika kumchenga mungotsata gombe, njira ikwera yokha kumtunda, idutsa m'minda n'kudzatulukira kuseri kwa sukulu. Koma chingwe musamumasule."

"Ngakhale kumchenga?"

"Ngakhale kumchenga. Makamaka kumindako, kuli ziweto za anthu."

A Buleki anaseka. "Iwe, ine ndaphunzitsa anthu osadziwa kumanja ndi kumanzere. Ndaphunzitsa gogo wina amene ankatsinzina akaona lole ikubwera. Galu angandikanike?"

"Anthu anuwo anali ndi makutu. Uyu ake ndi okongoletsera mutu."

"Pita, uchedwa ku ntchito."

"Ine ndanena, bambo."

Dzuwa litakwera pang'ono anatuluka. Phulusa ankakoka ngati ng'ombe ya pangolo. Anauwa mphaka pakhomo la ometa tsitsi, n'kuwakokera a Buleki tsidya lina la msewu osayang'ana uku ndi uku, chinthu chimene iwo sanachitepo chibadwire. Mwini golosale, amene ankasesa pakhomo, anafuula, "Akuyendetsa mnzake ndani pamenepa, madala?" A Buleki anamwetulira ndi mano okha.

Kunyanja madzi anali ataphwera kutali, n'kusiya mchenga wonyowa ndi timadziwe m'miyala. Mphepo inkanunkha mchere ndi ndere zowola. Tinkhanu tinkathawira m'mauna, Phulusa n'kumalowetsa mphuno m'una uliwonse, kuyetsemula, n'kuthamangira wina. Mafunde akabwera ankawauwa, akabwerera ankawathamangitsa, ndipo nthawi zonsezo mkono wa a Buleki unkapita nawo. Nsapato zawo zinadzaza mchenga.

Kutsogolo kunkabwera mtsikana wina wothamanga, galu wake akuyenda yekha wopanda chingwe. Atayandikira, mtsikanayo anangoimba mluzu kamodzi, galu uja khale pansi, phee, mpaka iwo kudutsa. Phulusa ndiye ankadumpha ngati wagwidwa ndi mizimu.

"Musadandaule, adzazolowera," anatero mtsikanayo mwaulemu.

Mawuwo anali abwino koma a Buleki anawabaya. Adzazolowera ndani, galu kapena iwo? Anayenda akung'ung'udza mpaka pamene njira inasiya mchenga n'kukwera masitepe amatabwa. Pamwamba panali geti lachitsulo. Analitsegula, n'kulitseka bwinobwino monga munthu wa malamulo, ndipo anapezeka ali m'dambo la udzu wobiriwira. Ng'ombe zinali kutali, kuseri kwa mpanda wa waya. Kumbuyo kwawo nyanja inali yabata, tingalawa tiwiri tikuoneka ngati nyerere. Panalibe munthu. Phewa linkawawa ngati asenza thumba la simenti.

"Bwera kuno, tiyese mayeso," anauza galu. Anamukhazika pansi, n'kumuloza chala kumaso monga ankachitira ndi ophunzira. "Ndikaitana, ubwere. Wamva?"

Anamasula chingwe.

Poyamba zinayenda bwino zedi. Phulusa anathamanga mozungulira, anagudubuzika paudzu, ndipo a Buleki ataitana anabwera lilime lili panja. Anamuitananso kachiwiri, anabweranso. A Buleki anakulunga chingwe n'kuchiika m'thumba la jekete. Mumtima ankakonza kale mawu odzauza mwana wawo madzulo, akuti galu safuna chingwe, amafuna mphunzitsi.

Njira inatsetserekera ku kamtsinje komera bango. Tsidya lake, pakati pa mitengo, pankaoneka denga la nyumba ndi zovala zili pachingwe. Pamenepo m'bango munatuluka bakha woyera wa mawanga akuda pamapiko, akuyenda modzikoka, kupita kukamwa madzi. Phulusa anaima, mwendo umodzi m'mwamba.

"Phulusa! Iwe!"

Galu uja anangoti vuu. A Buleki anathamanga pambuyo akukuwa, ndipo mawu amene anatuluka anali akale aja, "Buleki! Buleki!" Bakha anayesa kuuluka koma anali wolemera. Panamveka kulira kamodzi, mapiko akumenya madzi, kenako zii. Pamene ankafika, Phulusa anali atamugwira pakhosi akumupukusa. A Buleki anamumenya galuyo ndi chingwe mpaka anamusiya, koma khosi la bakhayo linali litalendewera kale.

Chinthu choyamba chimene a Buleki anachita sichinali kugwada kuti aone ngati bakhayo akupuma. Anayang'ana kunyumba kuja, anayang'ana kumbuyo, anayang'ana kumtunda kuti aone ngati alipo wawaona. Panalibe. Manja awo anayamba kugwira ntchito okha. Ananyamula bakhayo, akadali wofunda, n'kumukankhira pansi pa chitsamba chaminga. Nthenga zimene zinali pamatope anazipondereza ndi nsapato. Anatulutsa mpango m'thumba, kuunyowetsa mumtsinje, n'kupukuta kukamwa ndi pachifuwa pa galu mpaka magazi onse kutha. Mpangowo anaufinya n'kuubwezera m'thumba. Kenako anamanga chingwe, mfundo yolimba, ngati kuti chinali chomangika chiyambire m'mawa.

Njira yeniyeni inkawoloka pakamlatho n'kudutsa pafupi ndi nyumba ija. Iwo sanafune kudutsa pamenepo. Anatsikira kumunsi kuti awolokere pamiyala, azembere kuseri kwa mitengo. Mwala wachiwiri unali ndi ndere. Phulusa anakoka, phazi linatereka n'kupindika, ndipo a Buleki anakhala m'madzi ndi matako, phwa! Atayesa kuimirira, ululu unawakwera kuchokera m'kakolo mpaka m'mano. Anadzikwakwaza kufika paudzu n'kukhala pamenepo, thalauza ili chonyowa, galu akuwanyambita khutu.

Sanakhalitse, anamva mawu a munthu akuitana ziweto. M'njira munatulukira mayi wina wamfupi, wovala majombo ndi juzi yachimuna, atanyamula kachidebe ka chakudya cha abakha. Atawaona anaika kachidebeko pansi.

"Mayo ine! Bambo, mwatani?"

"Ndaterereka, mayi. Palibe kanthu, ndipuma pang'ono."

"Palibe kanthu chiyani, phazi likutupa ndikuona? Nanga mlatho uli apowu munausiyiranji?"

"Galuyu amafuna madzi."

Bodza loyamba linatuluka mosavuta mpaka iwo eni anadabwa. Mayiyo anawagwira m'khwapa, anawapatsa phewa, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka pakhonde la nyumba yake. Anawakhazika pampando wapulasitiki. Anawavula nsapato ndi sokosi yekha, osanyansidwa, n'kuviika phazilo m'beseni la madzi ozizira. Phulusa anamumangirira pamzati n'kumupatsa madzi m'poto wakale. Pabwalo pankayenda abakha ena angapo ndi tambala wopanda nthenga m'khosi.

"Koma anthu onse akanakhala ngati inu," anatero mayiyo akubwera ndi kapu ya tiyi. "Galu pachingwe. Ena amangowatayirira ngati kuno n'kutchire. Imwani, ndathira shuga wambiri, amachotsa kunjenjemera."

A Buleki analandira kapuyo ndi manja awiri.

"Kodi pobwera simunaone bakha woyera wa mawanga akuda? Akufungatira mazira m'bangomo. Nthawi ino amabwera yekha kudzadya, lero sanabwere."

Mpata unali umenewo, ndipo a Buleki anauona bwinobwino. Anayang'ana m'kapu.

"Ayi, mayi. Sindinamuone."

"Ndikamuyang'ane. Phazilo musalichotse m'madzi."

Mayiyo atapita, a Buleki anatsala ndi Phulusa, amene anali atagona mutu uli pamiyendo ngati galu wosalakwa chibadwire. Mpango wonyowa uja unkawazizira pantchafu. Anaganiza zothawa, koma athawa ndi mwendo uti? Anaganiza zoti mwina mayiyo samupeza bakhayo, adzangoti wasochera. Anapezeka akupempherera zimenezo, ndipo atazindikira chimene akupempherera anagwetsa nkhope ngakhale panalibe wowaona.

Mayiyo anabwerera atamunyamula bakhayo pachifuwa ngati khanda. Sanalire. Anamugoneka pasimenti ya khonde, pafupi ndi beseni, n'kuwongola phiko limene linali litapindika.

"Nthenga zimayandama pamadzi, ndazitsata," anatero ndi mawu otsika. "Amuna anga ndi amene anamugula ali kamwana, chaka chomwe anamwalira."

Kenako nkhope yake inasintha. Anapita kumpanda wa kumbali kwa nyumba, kumene kunali kanyumba kena ndi galimoto yakale yonyamulira katundu.

"Alamu! Alamu! Tulukani mudzaone ntchito ya galu wanu!"

M'kanyumbako munatuluka bambo wamtali woonda, wa imvi, atagwira pulena yopalira matabwa, fumbi la matabwa lili m'nsidze. Kumbuyo kwake kunkabwera galu wakuda wokalamba, woyera pakamwa, akuyenda mokoka miyendo yakumbuyo.

"Kwatani, alamu?"

"Kwatani! Chaka chatha anandithera anapiye, munati chiyani? Munati akadzabwerezanso mudzamuchotsa nokha. Si mawu anu amenewo? Lero wandiphera bakha wa achimwene anu, n'kukamukokera pansi pa minga kuti adzamudye bwino. Bwerani muone!"

Mlamuyo analowa pakageti n'kuima pamwamba pa bakhayo. Anapatsa moni a Buleki ndi mutu wokha. Anayang'ana bala la pakhosi nthawi yaitali, kenako anayang'ana galu wake.

"Sajeni," anatero motsitsa. "Ndiwe?"

Galu wokalambayo anagwedeza mchira.

"M'mawa anatuluka, sindinaone kumene anapita," anatero mlamuyo.

"Nanga mukufunsa galu kuti akuyankheni? Kuno kulinso galu wina wongoyendayenda? Onani wa bambowa, ali pachingwe ngati galu wa anthu."

A Buleki anakonza kukhosi. "Mwina, mayi, ndi nyama yakutchire. Zimachitika."

"Nyama yakutchire masanasana? Pepani bambo, inu ndinu alendo, nkhani ya pano simukuidziwa. Ine ndapirira mokwanira. Munthu ukakhala wamasiye, aliyense amakuyesa chitsiru."

"Palibe amene akukuyesani chitsiru," anatero mlamuyo. Sanakweze mawu. Anaika pulena pakhoma, anapukuta manja pa ovolo. "Ndinalonjeza. Ndimupititsa kwa dokotala wa ziweto akamubaye jekeseni. Wakalamba kale."

Anapita kukatenga chingwe cha sisalo n'kumumanga galu wake m'khosi. Anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto. Sajeni, poona kuti kuli ulendo, anakondwa, anayesa kudumpha koma miyendo inakana. Mbuye wake anamunyamula n'kumukweza, ndipo dzanja lake linakhalitsa pamutu pa galuyo.

A Buleki ankaona zonsezi, kapu ili m'manja, phazi lili m'beseni la mayiyo. Mumtima ankati ndilankhula tsopano, akangotseka chitsekocho. Chitseko chinatsekedwa. Anati akangolowa kutsogolo. Mlamuyo analowa. Injini inakhosomola n'kuzima. Inakhosomolanso. Kachitatu inalira.

"Imani!"

Mawu anatuluka aang'ono, osamveka. A Buleki anaimirira ndi mwendo umodzi, beseni n'kupendekeka, madzi kukhuthukira pakhonde mpaka kunyowetsa nthenga za bakha uja.

"Imani, bambo! Zimitsani!"

Injini inazima. Mlamuyo anatulutsa mutu pawindo. Mayiyo anatembenuka.

"Si galu wanu," anatero a Buleki. "Ndi uyu. Ndinamumasula ine."

Tambala analira kuseri kwa nyumba. A Buleki anapisa m'thumba n'kutulutsa mpango uja, woyera kale koma tsopano wofiirira, kanthenga kamodzi katamatirira. Sanadziwe chifukwa chake akuwaonetsa, koma anautambasula.

"Mwana wanga anandiletsa, ine sindinamve. Atamugwira bakhayo, amene anamubisa pansi pa minga ndine. Ndinamupukuta galuyu kukamwa. Pamiyala paja ndinagwa ndikuthawa nyumba yanu ino."

Mayiyo anayang'ana mpangowo, anayang'ana kapu ya tiyi, kenako anawayang'ana iwo m'maso.

"Ndinakufunsani," anatero.

"Munandifunsa, mayi."

"Ndinakuvulani sokosi ndi manja angawa."

A Buleki anasowa poyang'ana. Akanakonda mayiyo akanawatukwana, kapena kuwaponyera beseni. Koma iye anangotola beseni lija n'kulivundikira pakhoma.

"Galu ndi galu, alibe mlandu," anatero. "Koma inu, munthu wa imvi. Mwandisiya ndalalatira mlamu wanga pamaso panu, mpaka ndatchula amuna anga amene ali kumanda, inu mukumwa tiyi."

"Pepani. Ndikugulirani wina."

"Mukagula kuti amene anagula amuna anga? Khalani pansi, mugwanso."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu yakale. Anaing'amba mizere ndi mano, anagwada, n'kuyamba kuwamanga phazi. Ankakoka mwamphamvu, ndipo a Buleki analuma mlomo. Mlamuyo anali atatsitsa galu wake n'kumumasula. Anaima chapatali akukulunga chingwe chija padzanja. Mayiyo atamaliza kumanga anakhalabe chogwada, msana ataulozetsa kwa mlamu wake.

"Alamu," anatero osatembenuka. "Ndalankhula zambiri."

"Zatha, alamu."

"Sizinathe. Ndalankhula zoipa."

"Ndati zatha. Mazira a bakhayu akuzizira m'bangomo. Ndili ndi nkhuku yayamba kufungatira dzana, tiyese kuiikira."

Anapita awiriwo kumtsinje, mmodzi patsogolo wina pambuyo. Pobwera, mayiyo anali atanyamula mazira m'juzi yake. Anayang'ana uku ndi uku kufuna poika, ndipo a Buleki anavula chipewa chawo n'kuchipereka. Mayiyo anazengereza, kenako anaika mazirawo mmodzimmodzi m'chipewamo. Anali akadali ofunda pang'ono. A Buleki anawafungatira pamiyendo, atawaphimba ndi manja, mpaka mlamuyo atakonza udzu m'khola la nkhuku n'kudzawatenga.

"Alamu, aperekezeni kwawo bambowa, sangayende," anatero mayiyo. Analowetsa bakha uja m'thumba la saka n'kuliika pamapazi pa a Buleki. "Uyu mutenge. Ine sindingamudye, ndipo sindikufuna kumuona."

"Mayi, ndimutani?"

"Mudziwa nokha. Pomubisa simunandifunse."

Agalu awiri anakwera kumbuyo, wokalamba ndi wamng'ono, n'kumanunkhizana ngati palibe chachitika. A Buleki anakhala kutsogolo, thumba lili pakati pa miyendo. Galimoto inatsata kamsewu kafumbi pakati pa minda, inadutsa ng'ombe zija, n'kukwera pachitunda pamene nyanja inaonekeranso, madzi atabwerera kudzadza gombe lonse limene anayendamo m'mawa. Mlamuyo ankayendetsa ndi dzanja limodzi, magiya akulira mokukuta.

"Ndikupepesa kwa inunso," anatero a Buleki atayenda kamtunda. "Ndinachedwa kulankhula."

"Munachedwadi."

"Mukanapita nayedi?"

Mlamuyo anazemba dzenje, n'kugwera m'lina.

"Ndikanapita naye. Ndi chimene chikundiwawa. Galu uja ndakhala naye chichokereni mkazi wanga, amagona pakhomo la chipinda changa. Masiku ano ngakhale fupa amalephera kuswa. Ndinaona bala lija, mtima unandiuza kuti si iye. Koma ndatopa ndi kukangana ndi alamu anga. Ndinati bola mtendere." Anapukusa mutu. "Ndiye musaganize kuti manyazi ali ndi inu nokha m'galimoto muno."

A Buleki anayang'ana pawindo mpaka anafika m'tauni. Pagolosale mwini uja anali atakhala panja. Atawaona akutsika ndi nsapato imodzi m'manja, phazi lomangidwa nsanza, thalauza yamatope ndi thumba lotuluka mapazi a bakha kukamwa, anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope yawo anatsekanso.

Namwino anafika chakumadzulo atatopa. Anapeza bambo ake ali kuseri kwa nyumba, atagwada pa bondo limodzi m'kadimba ka maluwa, akukumba ndi kafosholo kakang'ono. Phulusa anali atatsekeredwa m'khitchini akulira.

"Bambo! Phazilo latani? Nanga mukukwirira chiyani?"

Anamuuza. Sanadumphe kanthu, ngakhale za mpango ndi za tiyi, ngakhale za injini imene inachita kulira kachitatu iwo asanatsegule pakamwa. Polankhula ankayang'ana m'dzenje. Ankadikira kuti mwanayo anene kuti ndinakuuzani, ndipo anali wokonzeka kulandira. Namwino anakhala pa sitepe, chikwama chili pamiyendo.

"Mukudziwa, bambo," anatero, "ndili mwana ndinkaganiza kuti inu simunanamepo."

"Nanenso ndinkaganiza choncho."

Anawalanda kafosholo n'kumaliza kukumba yekha, atavala yunifolomu yake yoyera. Atakwirira, anawalowetsa m'nyumba n'kumasula nsalu ija kuti aone phazi. Analisindikiza apa ndi apo, a Buleki akutsinzina.

"Silinathyoke. Anakumangani bwino mayi ameneyo." Anapinda nsaluyo. "Ndiichapa. Mukayamba kuponda tikabweza limodzi, galu ndi wanga, nanenso ndikaonekere."

Phazi linatenga nthawi kuti liphwe. Masiku onsewo a Buleki ankakhala pawindo, ndipo akamva galimoto yokukuta magiya m'msewu ankabwerera m'kati. Litaphwa, anapitadi awiriwo, wapansi, Phulusa atamusiya kunyumba. Anawolokera pamlatho. Mayiyo anamulandira bwino namwino, anamufunsa za kuchipatala ndi za mankhwala a msana. Koma kwa a Buleki anangopereka moni wamfupi ndi mpando womwe uja. Tiyi sanaphike. Analandira nsalu yake, yochapidwa ndi kusitidwa, n'kuiponya pachingwe osaiyang'ana.

Anali mlamu uja amene anawakodola kumpanda kuti adzaone. Mazira ambiri anali atawola, koma atatu anaswa. Tiana tabakha tachikasu tinkasambira m'chivundikiro cha mgolo chodzaza madzi, nkhuku ija ikuzungulira m'mbali, ikulira, kutiitana kuti tituluke. Sajeni anali atagona padzuwa pafupi pomwepo, ntchentche zikumutera pamphuno.

"Alamu akuti awiri ndi awo, mmodzi ndi wanga chifukwa cha nkhuku," anatero mlamuyo. "Takangana kale kuti wamkuluyo ndi wa ndani."

A Buleki anaseka pang'ono, koma atatembenuka anaona mayiyo ataima pakhonde, manja ali m'chiuno, akuwayang'ana. Anavula chipewa n'kuwerama. Mayiyo anagwedeza mutu kamodzi, n'kulowa m'nyumba.

Pobwerera anadzera kumchenga. Namwino anavula nsapato n'kumayenda m'madzi, bambo ake akutsimphina pambuyo ndi ndodo. Atafika pamasitepe a kumsewu anawadikira n'kuwapatsa mkono, ndipo anakwera pang'onopang'ono, akukambirana zoti agule chiyani pagolosale.